Khoma Limene Amayi Analota

Amayi anga sanali munthu wa maloto. Akagona ankagona ngati chipika, ndipo m'mawa ukawauza kuti walota njoka ankangokufunsa zimene unadya dzulo. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa anthu akwathu ku Mlare, ngakhale amene ankawakonda, anazolowera kuwatchula kuti mneneri wa khoma, moti ana anga amene anakulira kuno ku Lilongwe amaganiza kuti agogo awo ankayenda ndi belu ndi mkanjo woyera. Sizinali choncho. Loto loti n'kuuza anthu, amayi analota limodzi lokha m'moyo wawo wonse, ndipo loto limenelo linawachotsa pa mgonero wa Ambuye.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi. Ndinkaphunzitsa pa pulayimale ina kufupi ndi kwathu, ndipo ndinkakhalabe ndi makolo chifukwa nyumba za aphunzitsi zinali zodzaza. Bambo anali mmisiri womanga nyumba komanso mkulu wa mpingo, munthu woti mawu ankawatulutsa ngati amachita kugula. Amayi ndiye ankalankhula za anthu awiri. Anali m'gulu la amayi a mpingo, aja a bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda, ndipo bulauzi yawo ankaisita okha ndi nsimbi ya makala, osalola ine kuikhudza poopa kuti ndiiwotcha. Wosakulira mumpingo sangamvetse kulemera kwa kansalu kameneko. Mzimayi wa gululo akamwalira, anzake amabwera onse atavala zoyera, amamuimbira kuyambira pakhomo mpaka kumanda, ndipo bulauzi yake amaiyala pamwamba pa bokosi kuti aliyense aone kuti wapitayo wamaliza bwino. Amayi ankati chuma chawo ndi chimenecho, zotsalazo ndi mbuzi ndi chinangwa basi.

Tchalitchi chathu chakale ndimachikumbukira ndi mphuno. Chinkanunkha mileme, thukuta ndi mafuta odzola a Lamulungu. Chinamangidwa ndi njerwa zootcha zomata ndi dothi, agogo athu akadali anyamata. Khoma lake la kum'mawa ndi limene linkalandira mphepo ndi mvula yonse yochokera kunyanja, ndipo m'tsinde mwa khoma limenelo ndi mmene munkayalidwa mikeka ya ana. Nanenso ndinakulira pamikeka imeneyo, kutsinana ndi anzanga ndi kukolokosa dothi m'mizere ya njerwa, mpaka mkulu wa mpingo wina atatiloza ndi kandodo. Mwezi wa Okotobala khomalo linkatentha ngati chiwaya, koma sitinkasuntha chifukwa malo a ana anali amenewo.

Zaka zimenezo aneneri anali ataphuka ngati bowa. Ankatsika m'minibasi ndi zimkuzamawu, ena ochokera m'matauni, ena owoloka malire kuchokera ku Tanzania, n'kumanga tenti pabwalo la mpira. Ankagulitsa mafuta m'timabotolo, ndi madzi amene mwina ankatunga pamjigo wathu womwewu. Zikanathera pamenepo tikanangoseka. Koma wina wa iwo, ali ku Sangilo, analoza mayi wina wokalamba kuti ndiye wamanga usipa m'nyanja, ndipo anthu anamuthamangitsa m'mudzi mayiyo, nyumba yake n'kuigwetsa. Zitatero seshoni yathu, bwalo la akulu a mpingo, inagamula kuti aliyense woimirira pagulu n'kunena kuti Mulungu wamuuza zakutizakuti, zikapanda kuchitika, aimitsidwe. Amayi anaombera m'manja lamulo limenelo kuposa wina aliyense. Iwo omwewo ndi amene anapirikitsa wogulitsa timabotolo wina pakhomo pathu ndi mthiko, akumuuza kuti mafuta akewo akakazingire mazira.

Ndiye tangoganizani mmene tinadabwira Lamulungu lina mu Januwale, mvula itakhazikika. Mlembi wa seshoni atangomaliza zolengeza, amayi anaimirira. Kwathu mzimayi saimirira chisawawa m'tchalitchi, moti ine ndili ku kwaya ndinayesa alumidwa ndi chinkhanira. Anayang'ana kumene kunali ana, n'kulankhula ndi mawu awo a tsiku ndi tsiku. Zonsezi zinkanenedwa m'Chitumbuka, koma ndizilemba m'Chichewa kuti ana anga amve.

"Abale, ine ndalota. Khoma ili ligwera ana mvula ya chaka chino isanathe. Chiuta wandionetsa, ndipo ndalephera kukhala chete."

Atatero anakhala pansi n'kukonza duku lawo. Bambo, amene anali kutsogolo ndi akulu anzawo, anangowerama. Ndinamva pambuyo pake kuti amayi anali atawauza lotolo m'mawa, iwo n'kuyankha kuti akambirana akabwerako ku mapemphero. Amayi sanadikire, chifukwa atalowa m'tchalitchi anapeza ana atakhala kale pansi pa khomalo.

Pobwerera kunyumba ndinawafunsa chimene anaona kwenikweni. Anati anaona njerwa zili mulu pamikeka, timapatapata ta ana tili mbwee, ndipo panalibe mwana wolira. Kusalira kumeneko ndi kumene kunawadzutsa. Ndinawakumbutsa za lamulo limene iwo omwe analiombera m'manja, nandiyankha kuti akulikumbukira bwino, sanakalambe mpaka pamenepo.

Lamulungu lotsatira pamikeka panalibe munthu. Makolo ena anasiya ana kunyumba, ena anakhala nawo pansi pa mtengo kunja, kumvera ulaliki kudzera pawindo, ndipo mabanja angapo anapita kutenti, poti ngati n'za maloto kumeneko ndiye kunali eni ake. Seshoni inapempha bambo, monga mmisiri, kuti akaliunike khomalo. Anapita ndi nyundo, khasu ndi chingwe chomangirira mwala. Anagogoda njerwa, anayeza ngati khomalo lapendekeka, anakumba m'maziko kuti aone ngati mwalowa madzi kapena chiswe. Kenako anakauza anzawo kuti sanapeze vuto lililonse.

Ndinawakwiyira kwambiri. Khoma lakale ngati lija likanalephera bwanji kukhala ndi kamng'alu kamodzi koti munthu n'kutchinjiriza nako mkazi wake? Koma bambo sanali otero. Mukanawafunsa ngati ndiwo zawawa mchere, akananena zoona ngakhale pamaso pa apongozi.

Chimene sindinayembekezere ndi chimene anachita Lolemba. Anamanga ng'ombe pangolo n'kuyamba kututa njerwa kupita nazo kutchalitchi. Njerwazo anali ataumba ndi kuotcha okha kuti amangire amayi khitchini, imene anaidikira kuyambira ine ndili kumsana. Mvula ikasiya pang'ono ankamanga, ikabwera ankafunditsa ntchitoyo ndi pepala la pulasitiki n'kuusa pakhonde la tchalitchi. Anamanga mizati itatu kunja kwa khomalo, yotambalala pansi, yocheperako pamwamba, yotsamira khoma ngati anthu okankha galimoto. Simenti anagula atagulitsa mbuzi. Seshoni sinawaletse, poti ntchito yaulere palibe amaikana.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinawapeza akusakaniza simenti ndi mchenga, ndipo ndinalephera kudziletsa.

"Adada, munati khoma lilibe vuto. Nanga mukumangiranji?"

"Maso anga sanaone kanthu," anatero osasiya ntchito. "Koma amayi akowa ndakhala nawo zaka zonsezi, sananamepo."

"Ndiye mukanauza seshoni zimenezo."

"Anandifunsa za khoma. Za amayi ako sanandifunse."

Bambo anali ndi mnzawo mmodzi weniweni, Msilamu wa ku Mangochi amene anali ndi sitolo pa Mlare. Ankagulitsa shuga, sopo, misomali ndi nsalu, ndipo masana kukatentha ankatulutsa bawo pakhonde. Pamenepo pokha ndi pamene ndinkamva bambo akuseka mokweza, ndiponso akulankhula Chichewa, chawo chija chopotokera ku Chitumbuka. Ine ndinkawatchula mwini sitoloyo kuti amalume ngakhale panalibe ubale. Tsiku lina nditapita kukagula ulusi ndinawapeza awiriwo ali pa bawo.

"Akulu, mwaiganizira bwino nkhaniyi?" anatero amalume aja. "Khoma likagwa, alamu anga ndi mneneri woona. Likapanda kugwa, ndi abodza. Inu ndi njerwa zanuzo muli mbali iti?"

Bambo anasuntha njere zawo pa bawo.

"Ndili mbali imene kuli ana," anatero.

"Basi, mwaimika khoma, mwagwetsa mkazi."

Kenako amalume anasiya nthabwala. Anauza bambo kuti m'chipembedzo chawo namonso amamudziwa mneneri uja amene anamezedwa ndi chinsomba, ndipo anthu amene anawachenjeza anamvera, chilango n'kuwapitirira. Anati bambo akawerenge kwawo, mwina angapezemo kanthu kothandiza alamu awo.

Mvula ya chaka chimenecho sinali yamasewera. Mu Epulo mitsinje inasefukira, minda ya mpunga inamira, zimbudzi zinagwa mudzi wonse. M'mawa uliwonse anthu ankadzera dala kutchalitchi, ena ndi nkhope za anthu opita kukaonera mpira. Khoma linangoima. Pofika mu Meyi kumwamba kunayera, mwera unayamba, ana anabwerera pamikeka, ndipo seshoni inatumiza uthenga wouza amayi tsiku la mlandu wawo.

Masabata amenewo bambo anasiya kupita ku bawo. Akaweruka ankakhala pansi pa mtengo wa mango ndi Mabaibulo atatu: lawo la Chitumbuka, langa la Chichewa, ndi lina la Chinkhonde limene anabwereka kwa mnzawo wa kuntchito. Ankayembekeza kuti mwina chilankhulo china chinena mofewerako. Onse atatu ankanena zofanana, ndipo zimene ankanenazo zinkakokana. Pena palembedwa kuti mneneri akalankhula m'dzina la Mulungu, chinthucho osachitika, ndiye kuti Mulungu sanamutume. Pamenepo ndi pamene seshoni inaponda ndi miyendo yonse. Koma mneneri wa chinsomba uja analengeza kuti mzinda uwonongedwa, anatchula ndi masiku omwe, mzindawo osawonongedwa, ndipo palibe amamutcha wonama. Pena akuti Mulungu si munthu kuti aname. Pena Mulungu yemweyo akulola mzimu wabodza kulowa m'kamwa mwa aneneri a mfumu ina kuti ikafe kunkhondo. Ndipo panali ndime imodzi imene inawasowetsa mtendere kuposa zonse, pamene Mulungu akuti mneneri akanyengedwa ndiye kuti wamunyenga ndi Iyeyo, komabe amulanga.

"Ngati lotolo n'labodza, analitumiza ndani?" ankandifunsa, ngati kuti ku koleji tinaphunzira zimenezo. "Amayi ako sanalipemphe. Anagona atapemphera, monga masiku onse."

Kutatsala masiku ochepa, mlembi wa seshoni anabwera kwathu. Anali mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, amene anandiphunzitsa ine kuwerenga, munthu wabwino amene ankadziwa kuti apa khoswe wakhala pamkhate. Amayi anawapatsa moni n'kunyamula khasu kupita kumunda. Ine ndinabweretsa tiyi n'kukhala chapatali pang'ono, ndikutchera khutu.

Bambo anatsegula ndime zawo imodziimodzi, ndipo aphunzitsi aja anali ndi yankho pa iliyonse. Mzinda uja unapulumuka chifukwa anthu analapa, pakuti chenjezo la Mulungu limasiya khomo lotulukira kwa womvera. Mfumu ija inkafuna yokha kunamizidwa, inali itakana choonadi kambirimbiri, Mulungu n'kuisiyira chimene inkafunacho. Komanso anaitumizira mneneri mmodzi woona amene anaiuza poyera kuti anzakewo akunama, ndiye chinyengo chili pati? Mneneri wonyengedwa uja nayenso ndi uja wouza anthu zowakomera kuti adye nawo. Mayankho awo anali abwino, ndipo mpaka lero sindinamvepo m'busa akuyankha bwino kuposa pamenepo.

"Yewo, asambizgi, ndamva," anatero bambo, kuwathokoza aphunzitsiwo m'Chitumbuka. "Koma akazi angawa ankafuna bodza lanji? Adyapo chiyani pa loto limeneli? Ndipo ngati chenjezo limatha munthu akamvera, ine ndinamvera. Ndinamanga."

"Munachirikiza khoma limene inu nomwe munati lilibe vuto."

"Eya."

"Ndiye tidziwa bwanji kuti likanagwa?"

"Sitidziwa."

Aphunzitsi anatakasa tiyi wawo. "Ine mayiwa ndimawadziwa," anatero motsitsa mawu. "Koma tikawasiya, mawa wina adzaimirira kuti Chiuta wamuonetsa mfiti. Tidzamuletsa ndi chiyani? Adzati lamulo lathu limaopa akazi a akulu a mpingo." Bambo nawonso ankamukumbukira mayi wa ku Sangilo uja, monga tonsefe.

Pa tsiku la mlandu bambo anauzidwa kuti atuluke, poti munthu saweruza za m'nyumba mwake. Chigamulo chinali chakuti amayi aimitsidwe pa mgonero ndipo avule yunifolomu, kufikira ataimirira pamaso pa mpingo n'kuvomera kuti lotolo silinachokere kwa Mulungu. Akulu aja ankaganiza kuti n'za mwezi umodzi. Sankawadziwa amayi.

"Zoti khoma silinagwe ndinganene, ngakhale ndikuvina," anatiuza atafika kunyumba, uku akumasula duku. "Koma kulota ndinalota. Ndikanena kuti ndikudziwa kuti si Chiuta, pamenepo ndiye ndinama koyamba, ndipo ndinamira m'tchalitchi."

Anzawo a gulu anabwera kudzawanyengerera, atanyamula nkhuku ngati akudzaona wodwala. Anati angonena mawuwo kuti nkhani ithe, poti Mulungu amadziwa za mumtima. Amayi anayankha kuti wodziwa za mumtimayo za pakamwa amamvanso. Nkhuku analandira. Bulauzi anaichapa, anaisita, anaipinda n'kuiika pansi penipeni m'sutikesi.

Mumpingo wathu sitipita kutsogolo kukalandira mgonero. Anthu amakhala m'mabenchi, akulu a mpingo n'kumayenda ndi mbale ya mkate mzere ndi mzere. Oimitsidwa saloledwa m'mizere imeneyo. Amakhala pa benchi ya pakhomo, kumbuyo kwa onse, pamodzi ndi atsikana otenga mimba asanakwatiwe ndi amuna a mitala. Amayi sanajombepo. Ankafika m'mawa atavala chitenje chawo chabwino n'kukhala kumapeto kwa benchiyo, pafupi ndi chitseko. Ndipo mbali imeneyo ya tchalitchi ndi imene bambo ankagawako mkate. Ankayenda ndi mbale mpaka mzere womaliza, pafupi kwambiri ndi pamene panali akazi awo, n'kutembenuka osakweza maso. Ine ndinkalandira mkate m'manja mwa bambo anga, amayi ali kumbuyoko. Ndinawapempha kuti asinthane mbali ndi mkulu wina, koma anakana. Anati ngati pali munthu woti awapitirire amayi, ndi bwino akhale iwowo.

Zaka zinapita. Ndinakwatiwa n'kusamukira kuno. Aneneri a matenti anabwera n'kupita, ena anabweranso ndi magalimoto. Mpingo unamanga tchalitchi chatsopano pambali, ndipo chakale chinasanduka sukulu ya mkombaphala. Benchi ya pakhomo inasamukira nawo m'chatsopanocho. Amayi sanasanduke munthu wa mkwiyo monga ndinkaopera. Atsikana amene ankakhala nawo pa benchi ankabwera kwathu kudzaphunzira kusambitsa makanda, moti amayi ankati seshoni inawadzoza kukhala m'busa wa pakhomo. Popita kumunda ankadzera pa khoma lija n'kulimenya ndi chikhatho. "Iwe, unandichititsa manyazi," ankatero, kenako n'kulowetsa mkono pawindo kugawira tiana nthochi. Koma kukagwa maliro a mnzawo wa gulu, ankavala chitenje n'kuyenda kumbuyo kwa amayi a zoyera, ndipo pobwera sankadya. Zimenezo zinkawapweteka, ndipo sankabisa.

Kenako kunabwera chivomezi chija chimene chinagwedeza Karonga. Ndinathamangira kumudzi n'kupeza anthu akuopa kulowa m'nyumba zawo. Nyumba zambiri zinang'aluka, zina zomangidwa ndi bambo omwe, ndipo tchalitchi chatsopano chinachita mng'alu woti n'kulowetsamo dzanja. Khoma la amayi silinagwetse ngakhale njerwa imodzi. Anthu anagawanika, ena ankati mizati ija ndiyo yaligwira, ena ankati silinkafuna mizati n'kale. Amalume a sitolo aja, amene katundu wawo yense anagwa m'mashelefu, anati khoma limeneli lidzatiika m'manda tonse.

Masana ena a ulendo womwewo tinali pakhonde, amayi akusenda chinangwa, bambo akuyang'ana kutchalitchi.

"Ndikanapanda kumanga, mwina likanagwa pa chivomezi chomwechi, mulibe munthu," anatero bambo. "Anthu akanati munalondola, munangophonya chaka. Bwenzi pano mukuvala zoyera."

"Mukanadziwa bwanji kuti lidikira mulibe munthu?" anatero amayi osasiya kusenda.

"Ndine ndinakusandutsani mneneri wonama."

"Munachita bwino. Uja wa chinsomba anakakhala kunja kwa mzinda atakwiya kuti anthu sanapse. Ine musandiike gulu limodzi ndi iyeyo. Ndivale bulauzi pa maliro a ana a eni? Bola ndikhale wabodza." Anaponya chinangwa m'beseni. "Chimene sindinakukhululukireni ndi khitchini yanga."

Bambo anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo chilimwe chotsatira anaumba njerwa. Khitchini ija inamangidwa, amayi anaphikiramo zaka zingapo, akudandaula kuti windo lake ndi laling'ono.

Pamene ankadwala matenda awo omaliza, mpingo unali ndi m'busa watsopano amene nkhaniyi anangoipeza. Anabwera kudzawaona ine ndilipo, ndipo anayesetsa kuwafewetsera. Anati sakufunikanso kuimirira pamaso pa mpingo. Angonena pamaso pa akulu awiri kuti analakwitsa, basi, mgonero awabweretsera pamphasa pomwepo.

"Abusa, khoma lilipo?" anafunsa amayi.

"Lilipo, amama."

"Ana akuphunziramo?"

"Akuphunziramo."

"Ndiye kauzeni seshoni kuti zimene ndinanena sizinachitike, ndipo ndikuthokoza Chiuta."

M'busayo anamwetulira, nati kumeneko si kulapa koma kuyamika, komabe akakamba ndi akulu pa seshoni ya mwezi wotsatira. Ndikhulupirira kuti akanawabwezera. Koma amayi sanaudikire mwezi umenewo, monga sanadikire bambo m'mawa uja.

Anamwalira mu Okotobala, kukutentha. Malamulo anatsatidwa. Pa bokosi panalibe bulauzi, ndipo amayi a gulu sanavale zoyera. Anabwera onse m'zitenje n'kuimba kuyambira pakhomo mpaka kumanda, poti lamulo linakamba za zovala, za pakamwa silinatchule. Aphunzitsi aja, atakalamba mpaka kuyendera ndodo, anaimba nawo. Ambiri mwa amuna amene ananyamula bokosi ndinkawadziwa kuyambira ali pamikeka ya m'tsinde mwa khoma lija. Bulauzi ija bambo anaitulutsa m'sutikesi, naiika okha pansi pa mutu wa amayi bokosi lisanatsekedwe.

Ndime zija ndimaziwerengabe. Abusa a kuno amazifotokoza bwino, mofanana ndi aphunzitsi aja, ndipo Lamulungu ndimavomera ndi mtima wonse. Pofika Lachitatu ndimakhala nditabwerera pansi pa mtengo wa mango, pali bambo ndi Mabaibulo awo atatu. Sindidziwa amene anatumiza loto lija, ndipo sindidziwa ngati khoma likanagwa. Ndimangowasowa awiri aja, poti bambo nawonso anatsatira. Ndikapita kumudzi ndimakaima pakati pa mizati ija kumvera tiana tikuimba m'katimo, ndipo ndimalimenya khomalo ndi chikhatho ndikaona kuti palibe akundiona.

Mgonero woyamba amayi atamwalira unachitika ndisanabwerere ku Lilongwe. Akulu anzawo anauza bambo kuti apume, koma iwo anavala jekete lawo n'kutenga mbale. Anayenda mzere ndi mzere monga mwa nthawi zonse. Atafika pa mzere womaliza sanatembenuke. Anapitirira mpaka pa benchi ya pakhomo, pamene kwa zaka zonsezo anali asanafikepo ndi mbale. Atsikana amene anakhala pamenepo anali atasiya malo kumapeto, pafupi ndi chitseko. Bambo anaima pamalopo n'kutambasula mbale, n'kudikira monga ankadikirira munthu aliyense kuti atenge. Nyimbo inatha, kwaya inayambiranso ndime yoyamba. Palibe mkulu wa mpingo amene anadzuka kukawatenga. Ndinapita ndine, ndinawagwira pamkono, ndipo tinabwerera limodzi kutsogolo.